Momwe Estonia, Latvia ndi Lithuania anamezedwera mu 1940, ndi chifukwa chake amakana kuti anabadwa mu 1991

Kum'mawa kwa nyanja ya Baltic kuli mayiko atatu ang'onoang'ono oyandikana: Estonia kumpoto, Latvia pakati, Lithuania kum'mwera. Onse pamodzi ali ndi anthu pafupifupi 6 miliyoni. Si mtundu umodzi. Chilankhulo cha ku Estonia ndi chachibale ndi cha ku Finland, pomwe cha ku Latvia ndi cha ku Lithuania ndi za banja lina. Ku Lithuania ambiri ndi Akatolika, kumpotoko mpingo wakale ndi wa Lutheran. Chinawamanga pamodzi ndi tsoka lokhala pakati pa Germany ndi Russia.

Soviet Union itagwa mu 1991 panatuluka mayiko 15, koma atatuwa amakana kuwerengedwa ngati mayiko atsopano. Iwo amati maboma awo anakhazikitsidwa mu 1918, analandidwa ndi mfuti mu 1940, ndipo mu 1990 ndi 1991 anangowabwezeretsa. Boma la Russia mpaka lero limati mayikowa analowa okha mu Soviet Union motsata malamulo a nthawiyo. Mkanganowu si wa akatswiri a mbiri okha. Ndiwo unagamula kuti nzika ndi ndani, golide wosungidwa kunja ndi wa yani, komanso njira yotulukira m'manja mwa Moscow.

Maziko ake ali mu 1920. Lithuania inalengeza ufulu wodzilamulira pa 16 Febuluwale 1918, Estonia pa 24 Febuluwale, Latvia pa 18 Novembala, ndipo onse anaumenyera nkhondo. Kenaka boma la Lenin ku Russia linasaina nawo mapangano a mtendere: ndi Estonia ku Tartu pa 2 Febuluwale 1920, ndi Lithuania ku Moscow pa 12 Julayi, ndi Latvia ku Riga pa 11 Ogasiti. M'mapanganowo Russia inalemba kuti yasiya mpaka kalekale ulamuliro uliwonse pa mayikowa. Mu 1921 onse atatu analowa m'bungwe la mayiko la nthawiyo la League of Nations. Tisabise kuti pofika 1939 demokalase inali itafa m'mayiko onsewa. Antanas Smetona anatenga boma mothandizidwa ndi asilikali ku Lithuania mu 1926, ndipo mu 1934 Konstantin Päts ku Estonia ndi Kārlis Ulmanis ku Latvia anatseka pakamwa zipani. Zimenezi zinadzapweteka pambuyo pake, chifukwa tsiku loopsa litafika, chiganizo chogonja chinapangidwa ndi anthu ochepa m'chipinda, anthu wamba osauzidwa zoona.

Kulanda dziko ndi mapepala

Pa 23 Ogasiti 1939, nduna zoona zakunja Vyacheslav Molotov wa Soviet Union ndi Joachim von Ribbentrop wa Germany anasaina pangano losamenyana. Kumbuyo kwake kunali chikalata chachinsinsi chogawana mayiko a pakati pawo. Finland, Estonia ndi Latvia anapatsidwa kwa Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, Lithuania kwa Hitler wa Germany. Pa 28 Sepitembala anasinthana: Lithuania inapita kwa Stalin, Germany n'kutenga gawo lokulirapo la Poland.

Chotsatira sichinali nkhondo. Moscow inaitana nduna za mayikowa mmodzimmodzi n'kuwauza kuti asaine pangano "lothandizana" lolola kuti asilikali a Soviet amange misasa m'mayiko awo. Estonia inali yoyamba, ndipo chonamizira chinapezeka: sitima yankhondo ya Poland yoyenda pansi pa madzi, Orzeł, inali itathawa padoko la Tallinn, likulu la Estonia, ndiye Moscow inati Estonia ikulephera kulondera gombe lake. Estonia inasaina pa 28 Sepitembala n'kulandira asilikali 25,000, ochuluka kuposa asilikali ake onse a nthawi ya mtendere. Latvia inasaina pa 5 Okutobala. Lithuania inasaina pa 10 Okutobala, kulandira asilikali 20,000, ndipo anaitsekemeretsa pakamwa poipatsa mzinda wa Vilnius umene unali m'manja mwa Poland. Mapangano onse analonjeza kuti boma ndi chuma cha mayikowa sizidzakhudzidwa.

Finland inauzidwa zofanana n'kukana. Inamenyedwa m'nyengo yozizira ya 1939 mpaka 1940, inataya anthu ambiri ndi gawo la dziko, koma inakhalabe payokha. Mpaka pano anthu a ku Baltic amakangana ngati atsogoleri awo analakwa kusamenya. Amene amawaikira kumbuyo amati mayikowa ndi achidikha, alibe kothawira, Germany inali itawagulitsa, ndipo Britain ndi France sakanatha kulowa m'nyanja ya Baltic. Zonsezi n'zoona. Koma kulakwa kumodzi n'koonekeratu: aliyense anapita ku Moscow payekha, ndipo atangolola misasa ya adani mkati mwa dziko, mwayi wodziteteza unatheratu.

Sitepe yachiwiri inadza mu Juni 1940, maso a dziko lonse ali pa Paris imene inagwa m'manja mwa Germany pa 14 Juni. Usiku wa tsiku lomwelo Molotov anapatsa Lithuania maola ochepa kuti ichite zitatu: iimbe mlandu Kazys Skučas ndi Augustinas Povilaitis, amene anali nduna ya zam'dziko ndi mkulu wa zachitetezo, ikhazikitse boma lokomera Moscow, ndiponso ilole asilikali a Soviet kulowa popanda malire a chiwerengero. Smetona anafuna kukana koma nduna zambiri sizinamutsatire, ndipo anathawira kunja. Asilikali analowa pa 15 Juni. Latvia ndi Estonia analandira mawu omwewo pa 16 Juni, akasinja n'kulowa pa 17.

Kenaka kunabwera nthumwi zitatu za Stalin: Vladimir Dekanozov ku Kaunas (likulu la Lithuania pa nthawiyo), Andrei Vyshinsky ku Riga, Andrei Zhdanov ku Tallinn. Ndiwo anasankha mayina a nduna zatsopano ali ku maofesi a kazembe wa Soviet, ndipo mochenjera anaikamo alembi, madokotala ndi aphunzitsi odziwika, osati Akomyunisiti okhaokha. Pa 14 ndi 15 Julayi kunachitika zisankho. Mndandanda wololedwa unali umodzi, otsutsa amene anayesa kuima anachotsedwa ndipo ena anamangidwa, wovota ankadindidwa chidindo m'chiphaso chake kotero kuti wosavota ankadziwika. Zotsatira zolengezedwa zinaposa 90 peresenti kulikonse. Pokopa anthu, nkhani yolowa mu Soviet Union sinali m'malonjezo a chisankho. Koma nyumba za malamulo zatsopanozo zitakumana pa 21 Julayi, zinasandutsa mayikowa kukhala a Chisoviet n'kupempha kulowa, ndipo Moscow "inavomera": Lithuania pa 3 Ogasiti, Latvia pa 5, Estonia pa 6.

Chifukwa chiyani Stalin anavutika ndi sewero lonseli, pomwe mfuti anali nazo? Ankafuna pepala losonyeza kuti anthu anapempha okha. Koma sewerolo linachitidwa mothamanga, ndipo linasiya mabowo. Malamulo a zisankho anasinthidwa ndi nduna popanda nyumba ya malamulo. Ku Estonia nyumba yachiwiri ya malamulo sinaitanidwe n'komwe. Malamulo aakulu a Latvia a 1922 amati kusintha ndime yonena za ufulu wa dziko kumafuna riferendamu, ndipo riferendamu sinachitike. Mabowo amenewa ndiwo anadzakhala khomo lotulukira patatha zaka 50. Päts ndi Ulmanis, amene anatsala n'kumasaina zimene ankawapatsa, anatengedwa kupita ku Russia. Ulmanis anafera m'ndende ku Krasnovodsk mu 1942, Päts anafera m'chipatala cha odwala misala pafupi ndi Kalinin mu 1956.

Pa 23 Julayi 1940, Sumner Welles, amene ankagwirizira unduna wa zakunja ku America, analengeza kuti dziko lake silivomereza kulandako. Mawu a tsamba limodzi amenewa anali ndi zotsatira zogwirika. Chuma cha mayikowa chimene chinali ku America sichinaperekedwe kwa Moscow, ndipo akazembe awo anapitiriza ntchito ku Washington ndi ku New York kwa zaka 51, akuimira maboma amene kwawo kunalibe. Ernst Jaakson wa Estonia, Anatols Dinbergs wa Latvia ndi banja la Lozoraitis la Lithuania anasunga maofesiwo mpaka ufulu utabwerera. Si onse anachita choncho: Sweden inapereka golide wa Estonia ndi Lithuania kwa Moscow, ndipo inadzabweza pambuyo pa 1991.

Adani awiri, wina pambuyo pa mnzake

M'chaka chimodzi chokha mabanki, mafakitale ndi minda ikuluikulu zinalandidwa. Usiku wa 14 Juni 1941 apolisi achinsinsi a NKVD anagogoda m'makomo ali ndi mindandanda ya mayina: apolisi, akuluakulu a asilikali, andale, amalonda, alimi olemera, pamodzi ndi mabanja awo. Banja linkapatsidwa nthawi yochepa yolongedza, n'kukwezedwa m'mabogi onyamulira ng'ombe. Pasiteshoni amuna ankawapatula kupita ku ndende zachibalo, kumene ambiri anafa m'nyengo yozizira yoyamba, pomwe amayi ndi ana ankapita ku midzi ya ku Siberia ndi kumpoto kwa Russia. Anatengedwa pafupifupi 10,000 ku Estonia, oposa 15,000 ku Latvia, ndi pafupifupi 17,000 ku Lithuania.

Patangotha sabata, pa 22 Juni, Germany inathira nkhondo Soviet Union. Ambiri analandira asilikali a Hitler ngati owaombola, ndipo ku Lithuania anthu anaukira n'kukhazikitsa boma logwirizira. Germany inalithetsa patatha milungu 6, n'kuika mayiko onse atatu pansi pa ulamuliro wake wotchedwa Ostland. Apa pali gawo limene wofotokoza nkhaniyi moona sangalidumphe. Ayuda a ku Lithuania, amene anali oposa 200,000, anaphedwa oposa 90 peresenti, ambiri powomberedwa m'maenje ku Paneriai pafupi ndi Vilnius ndi ku Ninth Fort ku Kaunas. Kunkhalango ya Rumbula pafupi ndi Riga anapha anthu pafupifupi 25,000 m'masiku awiri, pa 30 Novembala ndi 8 Disembala 1941. Olamula anali a Germany, koma eni dziko ena anagwira nawo mfuti, monga gulu la Viktors Arājs ku Latvia. Panalinso mabanja amene anabisa Ayuda moika moyo wawo pachiswe. Anthu omwewo amene anazunzidwa ndi Stalin anali ndi ena pakati pawo amene anazunza anansi awo, ndipo zonse ziwiri n'zoona nthawi imodzi.

Asilikali a Soviet anabwerera mu 1944. Ku Tallinn, m'masiku ochepa pakati pa kuchoka kwa Germany ndi kufika kwa Soviet mu Sepitembala, Otto Tief anakhazikitsa boma la Estonia motsata malamulo akale. Silinakhalitse, koma linasonyeza kuti eni dziko sanavomere mbuye aliyense mwa awiriwo. Anthu zikwizikwi anathawira ku Sweden pa timaboti ndi ku Germany.

Otsala ena analowa m'nkhalango. Ankatchedwa abale a m'nkhalango, ndipo nkhondo yawo inali yaikulu kwambiri ku Lithuania, kumene anali ndi mayunifomu, maudindo ndi nyuzipepala zosindikizira m'maenje. Pa 16 Febuluwale 1949 akuluakulu awo, motsogozedwa ndi Jonas Žemaitis, anasaina chikalata chonena kuti iwo ndiwo ulamuliro wovomerezeka wa dzikolo mpaka ufulu utabwerera. Pafupifupi 20,000 a iwo anaphedwa, ndipo mitembo yawo inkagonekedwa pamisika kuti wolira adziwike kuti ndi wachibale. Žemaitis anaphedwa ku Moscow mu 1954, mtsogoleri mnzake Adolfas Ramanauskas anagwidwa mu 1956 n'kuphedwa chaka chotsatira.

Anagonja bwanji? Akazitape analowa pakati pawo, ena atavala ngati iwo. Thandizo la mayiko a azungu a kumadzulo limene ankayembekezera silinabwere. Koma chinawathyola msana ndi njala. Wa m'nkhalango amadya kwa mlimi, ndiye boma linachotsa mlimiyo. Mu Meyi 1948 anasamutsa anthu pafupifupi 40,000 ku Lithuania, ndipo kuyambira pa 25 mpaka 28 Malichi 1949 anasamutsa oposa 90,000 m'mayiko onse atatu, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Otsala anachita mantha n'kulowa msangamsanga m'minda yolimira pamodzi ya kolkhoz. Ku Estonia, mabanja a alimi olowa m'mindayi anali osakwana 10 peresenti kusamutsako kusanachitike, koma patatha mwezi umodzi anaposa theka. Nkhokwe zitakhala za boma, panalibenso wopereka buledi usiku.

Pambuyo pa imfa ya Stalin mu 1953 chiopsezo chinasintha nkhope. Moscow inamanga mafakitale aakulu ofuna antchito ochuluka kuposa amene analipo, n'kubweretsa anthu ochokera ku Russia, Belarus ndi Ukraine, amene ankapatsidwa nyumba msanga ndipo sankafunika kuphunzira chilankhulo cha eni dziko. Alativiya anali pafupifupi 75 peresenti ya anthu a dziko lawo nkhondo isanayambe, koma mu 1989 anali 52 peresenti. Aestoniya anatsika kuchoka pa 88 kufika pa 62 peresenti. Lithuania inakhalabe pafupifupi 80 peresenti. Kukana sikunazime. Mu Meyi 1972 mnyamata wa zaka 19, Romas Kalanta, anadziwotcha ku Kaunas, ndipo chaka chomwecho ansembe anayamba kufalitsa mobisa kabuku kolemba nkhanza zochitikira mpingo, kamene kanatuluka mpaka 1989. Phiri la mitanda pafupi ndi Šiauliai linagumulidwa kangapo, mitanda n'kumabwereranso. Mu 1979 anthu 45 a m'mayiko atatuwa anasaina kalata yopempha kuti chikalata chachinsinsi cha 1939 chiululidwe ndi kuthetsedwa.

Kutuluka popanda kupempha chilolezo

Mtsogoleri wa Soviet Union Mikhail Gorbachev atamasula pang'ono pakamwa pa anthu, a ku Baltic anayambira pa nkhani zimene boma silikanazitcha zoukira: kukana damu pamtsinje wa Daugava ku Latvia, ndi kukana migodi ya phosphorite (mwala wopangira feteleza) ku Estonia mu 1987. Atapambana pamenepo anaona kuti boma likhoza kubwerera m'mbuyo. Mu 1988 kunabadwa magulu atatu aakulu, Rahvarinne ku Estonia, Sąjūdis ku Lithuania ndi Tautas fronte ku Latvia, ndipo poyamba onse ankati akungothandiza kusintha kwa Gorbachev. Makamu ankasonkhana kuimba nyimbo zoletsedwa atanyamula mbendera zoletsedwa. Mu Sepitembala 1988 pabwalo la zoimbaimba ku Tallinn panafika anthu pafupifupi 300,000. Pa 23 Ogasiti 1989, patatha zaka 50 chisainire pangano lija, anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwirana manja kuchokera ku Tallinn kudutsa ku Riga mpaka ku Vilnius, mtunda woposa makilomita 600. Wailesi ndiyo inkauza anthu a dera lililonse gawo la msewu loti akaime.

Zithunzi za tsikulo ndi zimene dziko limakumbukira, koma ntchito yaikulu inachitika m'mapepala. Mlandu suwola. Aphungu a ku Baltic anakakamiza nyumba ya malamulo ya ku Moscow kukhazikitsa komiti yofufuza pangano la 1939, yotsogozedwa ndi Alexander Yakovlev, ndipo pa 24 Disembala 1989 nyumbayo inavomera kuti chikalata chachinsinsi chinalipodi ndipo chinali chopanda mphamvu kuyambira tsiku losainidwa. Kwa zaka 50 Moscow inkati chikalatacho kulibe.

Pa 11 Malichi 1990 nyumba ya malamulo ya Lithuania, motsogozedwa ndi Vytautas Landsbergis, inavota kubwezeretsa boma lodziimira: 124 anavomera, 6 sanavote, wokana panalibe. Moscow inayankha ndi lamulo la pa 3 Epulo lofotokoza momwe dziko lingachokere mu Soviet Union: riferendamu yofuna magawo awiri mwa atatu a ovota, kudikira mpaka zaka 5, kenaka chilolezo cha Moscow. Unali msampha. Ku Latvia, kumene eni dziko anali 52 peresenti, chiwerengero chotere chikanavuta kwambiri, ndipo kungotsata lamulolo kukanakhala kuvomera kuti analowa movomerezeka. Mayiko atatuwa anayankha kuti amene sanalowe safunika chilolezo chotulukira. Estonia pa 30 Malichi ndi Latvia pa 4 Meyi anasankha njira yofatsa, kulengeza nyengo yodutsa yopita ku ufulu. Lithuania, imene inathamanga, inadulidwa mafuta kuyambira pa 18 Epulo, gasi n'kuchepetsedwa kwambiri, mpaka kumapeto kwa Juni pomwe inavomera kuimitsa kaye zotsatira za chilengezo chake kuti zokambirana ziyambe.

Mu Januwale 1991, maso a dziko lonse ali pa mkangano wa ku Kuwait, Moscow inayesa mphamvu. Usiku wa pa 13 Januwale akasinja anafika pa nsanja ya wailesi yakanema ku Vilnius imene anthu opanda zida anaizinga, ndipo anthu wamba 14 anafa. Ku Riga anthu anatseka misewu ndi mathirakitala, malole ndi mitengo, akulondera usiku pamoto, ndipo pa 20 Januwale apolisi apadera a Soviet otchedwa OMON anaukira unduna wa zam'dziko n'kupha anthu 5. Atsogoleri analimbikira kuti aliyense asabwezere ndi mfuti, chifukwa chipolopolo chimodzi chikanapatsa Moscow chifukwa chimene inkafuna. Boris Yeltsin, mtsogoleri wa Russia amene ankalimbana ndi Gorbachev, anathamangira ku Tallinn tsiku lomwelo la 13 Januwale n'kudzudzula kuphako. Akomyunisiti osafuna kusintha atayesa kulanda boma ku Moscow pa 19 Ogasiti n'kulephera, Estonia inalengeza ufulu wonse pa 20, Latvia pa 21. Soviet Union inavomereza pa 6 Sepitembala, ndipo pa 17 Sepitembala onse atatu analowa mu United Nations. Asilikali a Russia anachoka ku Lithuania pa 31 Ogasiti 1993, ku Latvia ndi ku Estonia pa 31 Ogasiti 1994, kupatula siteshoni ya radar ya ku Skrunda ku Latvia imene inagwira ntchito mpaka 1998.

Mtengo wa mfundoyi

Mfundo yoti boma la 1918 silinafe inabweretsa zabwino zooneka. Latvia inadzutsa malamulo ake aakulu a 1922. Minda ndi nyumba zinabwezedwa kwa eni ake a mu 1940 kapena ana awo. Golide wosungidwa kunja anabwerera, ndipo mayikowa anakana kusenza gawo la ngongole za Soviet Union. Koma mfundo yomweyo inabala funso lowawa: ngati boma ndi lakale, nzika zake ndi zakale. Lithuania, imene obwera anali ochepa, inapereka unzika kwa pafupifupi aliyense wokhala m'dzikomo. Latvia ndi Estonia anaupereka kwa amene anali nzika mu Juni 1940 ndi ana awo, kaya ndi a mtundu wanji. Obwera pambuyo pake anayenera kulemba mayeso a chilankhulo ndi a malamulo a dziko. Ku Latvia anthu oposa 700,000 anatsala opanda unzika, ku Estonia pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse. Ankakhala ndi kugwira ntchito, koma osavota pa chisankho cha aphungu.

Mantha a eni dziko anali omveka, popeza asilikali a Russia anali akadali m'misasa ndipo mtundu wawo unatsala pang'ono kukhala wochepa kwawo komwe. Koma dandaulo la enawo nalonso ndi lolemera. Pa riferendamu ya pa 3 Malichi 1991 ku Latvia, pafupifupi 74 peresenti ya ovota anavomera ufulu, chiwerengero chosatheka popanda mavoti ambiri a olankhula Chirasha, ndipo patangotha miyezi 7 ambiri a iwo anapezeka kunja kwa unzika. Ana obadwira m'dzikomo anayenera kupatsidwa unzika msanga kuposa momwe zinachitikira. Latvia inayamba kuupereka wokha kwa makanda a osakhala nzika mu 2020. Chiwerengero cha anthu otere chatsika kwambiri, koma Moscow imagwiritsabe ntchito nkhaniyi ngati chikwapu.

Onse atatu analowa mu NATO pa 29 Malichi 2004 ndi mu European Union pa 1 Meyi chaka chomwecho, ndipo mu Febuluwale 2025 anadula mawaya omaliza olumikiza magetsi awo ku Russia ndi Belarus. Za malire sizinatheretu. M'zaka za 1944 ndi 1945 Moscow inadula dera la Abrene ku Latvia, ndi madera a Petseri ndi kutsidya kwa mtsinje wa Narva ku Estonia. Latvia inavomera kusiya Abrene m'pangano la 2007. Estonia nayo inavomera malire atsopano mu 2005, koma aphungu ake powavomereza anaikamo mawu okumbutsa pangano la Tartu la 1920, ndipo Russia inachotsa siginecha yake chifukwa cha mawu amenewo. Anasainanso mu 2014, koma nyumba za malamulo za mayiko awiriwa sizinalivomereze panganolo mpaka lero.